Zigamba zalumikizidwa, nanga ulusi udutse pati?

Pansi pa makina a telala sipasowa tizidutswa ta zitenje. M'misika ya kwa Mfumu Yaikulu Makhuwira ku Chikwawa, monga ku Livunzu, tizidutswati nthawi zambiri timangosesedwa madzulo, chonsecho munthu waluso atha kutilumikiza n'kupeza nsalu yaikulu yokwana pabedi. Koma nsaluyo ikalumikizidwa sindiye kuti chofunda chatha. Pamafunika ina yapansi, china chofewa pakati, kenako msoko wogwira zitatuzo pamodzi. Mayendedwe a msokowo ndiwo amachititsa kuti chofunda chikhale zaka kapena chiphwasuke chikangochapidwa kangapo.

Choyamba kuganizira ndi nyengo. M'chigwa cha Shire kutentha kumapitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, ndipo kuzizira kumabwera usiku wa mu Juni ndi Julayi basi. Chofunda chokhuthala ngati cha ku Dedza sichingathandize kuno. Chitenje chakale chimodzi, kapena shiti ya pa kaunjika, n'zokwanira kuika pakati.

Chapakaticho ndicho chimalamula kutalikirana kwa mizere. Nsalu yoluka kale simwazika, motero mizere itha kutalikirana ngati m'lifupi mwa chikhatho. Thonje, lomwe alimi ambiri m'chigwachi amalima, ndi nkhani ina. Liyenera kuchotsedwa njere zonse, popeza njerezo zili ndi mafuta othimbiriritsa nsalu, ndipo msoko wake uyenera kuyandikana, mwina masentimita 5, apo ayi likanyowa limaunjikana m'mibulu. Komabe kuthinanitsa mizere mopitirira muyeso kumaumitsa chofunda, chimasiya kugwira thupi bwino.

Kenako wosoka ayale nsalu ya zigambayo pamphasa, ayime chapatali, aiyang'anitsitse. Zitenje zimakhala kale ndi maluwa, mbalame ndi mitundu yowala. Kusokapo maluwa ena n'kutaya ulusi, chifukwa palibe amene adzawaone. Nsalu yotere imafuna mizere yowongoka, kapena yopingasana yodula zigambazo pakona ndi pakona. Zokhotakhota, masamba ndi mafunde zimaoneka bwino pamene pali nsalu ya mtundu umodzi, makamaka m'mphepete. Amene akufuna kuti zigamba zokhazo zioneke, ayendetse singano m'mbali mwenimweni mwa msoko wolumikiza, ulusi ubisale.

Makina opalasa ndi mapazi amakhoza mizere yowongoka. Kukhotetsa chinsalu chachikulu pansi pa singano yake n'kovuta, ndiye zokhota ndi bwino kuzisoka pamanja.

Luso limeneli lili ndi abale kutali. Ku Bengal amayi amasanjikiza nsalu zawo zakale n'kuzisoka ndi timisoko tating'ono totsatizana, ndipo chofunda chopyapyalacho amachitcha kantha. Chochititsa chidwi kwambiri chili ku Karnataka, ku India, komwe kuli anthu otchedwa Siddi, ambiri mwa iwo zidzukulu za Aafirika omwe Apwitikizi adawatengera ku Goa muukapolo. Amayi awo amasoka zofunda za zigamba zotchedwa kawandi, kuyambira m'mphepete n'kumazungulira mpaka kukathera pakati. Ku America, zofunda za amayi akuda a ku Gee's Bend, Alabama, zosokedwa ndi zovala zakutha, zidaonetsedwa m'nyumba zazikulu za zaluso ku Houston ndi New York m'chaka cha 2002. Anthu osauka a kumudzi ndiwo adazisoka, ndipo mizere yawo yambiri ndi yosavuta.

Kwa amene nsalu yake yapamwamba yalumikizidwa kale, njira yotetezeka ndi kuyamba pakati kupita kunja, kuti makwinya azikankhidwira m'mphepete. Asanatero agwirizitse nsalu zitatuzo ndi misoko italiitali yodzachotsa pambuyo, ajambule mizere ndi choko kapena kachidutswa ka sopo wouma, ndipo ayambe wayesera pa kachigamba kapadera. Zitenje zatsopano azichape kaye asanazidule, chifukwa zina zimasuluka ndipo zimafupika zikalowa m'madzi koyamba.