INTANETI IKAYAMBA KUKWAWA, MUSATHAMANGIRE KUMENYA RAUTA

Dandaulo lili m'kamwam'kamwa m'makomo ambiri masiku ano ndi la intaneti. Munthu wagula bandulo ndi ndalama yoti akanagulira ndiwo, mwana akufuna kutumiza ntchito ya kusukulu, koma zinthu zangoti zii, osayenda. Abale, musanayambe kutukwana kampani, fufuzani kaye pomwe pagona vuto. Kawirikawiri limakhala m'nyumba mwanu momwemo, pansanja ya netiweki, kapena kutali kunyanja.

Yambani ndi m'nyumba. Onani ngati bandulo ikadalipo, chifukwa mafoni amadya mwakachetechete akamakoka okha mavidiyo a pa WhatsApp. Kenaka zimitsani rauta, muwerenge mpaka 30, muyatsenso. Zikuoneka zachibwana koma zimathandiza.

Nanga rautayo mwaiika pati? Ena amaibisa m'kabati kuopa ana. Khoma la njerwa, malata ndi zitsulo zimafoola mphamvu ya WiFi. Ikwezeni pamwamba, ndipo ngati ili yoyendera simu khadi, ikhale pafupi ndi windo. Marauta ambiri atsopano ali ndi njira ziwiri: ya 5 GHz imathamanga koma sifika patali, pamene ya 2.4 GHz imaboola makoma bwinoko.

Werenganinso mafoni amene alumikizidwa. Pasiwedi munauza mlamu wanu chaka chatha ija, pano mwina ikudziwika mzere wonse wa nyumba za lendi. Isintheni lero lomwe, ena adandaule.

Ngati m'mamawa intaneti ikuthamanga koma madzulo n'kumakwawa, vuto si lanu ayi. Ndiye kuti anthu achuluka pansanja imodzi, aliyense akufuna mpira ndi Facebook nthawi imodzi. Zokoka zikuluzikulu muzichita usiku kapena m'bandakucha. Magetsi akazima nthawi yaitali, nsanja zimadalira mabatire ndi majenereta, ndiye mafuta akavuta netiweki nayo imagwa.

Pena vuto limachokera kutali zedi. Dziko lathu lino lilibe doko la kunyanja ya mchere, choncho intaneti imatipeza kudzera m'zingwe zodutsa m'maiko oyandikana nafe monga Tanzania ndi Mozambique. Mu May 2024 zingwe za pansi pa nyanja za EASSy ndi SEACOM zitaduka, maiko angapo a kuno kum'mawa kwa Africa, kuphatikizapo Malawi, anaona zakuda. Zikatero ngakhale mumenye rauta, palibe chingasinthe.

Zonsezi zikakanika, musangong'ung'udzira m'minibasi. Yezani liwiro pa fast.com m'mawa, masana ndi madzulo kwa masiku angapo, muzilemba m'kope. Tengani umboniwo mukadandaule ku kampani yanu, ndipo muitanitse nambala ya dandaulo lanu. Akakunyalanyazani, bungwe la MACRA lilipo, ndipo ina mwa ntchito zake n'kumva madandaulo a ife ogula. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.