MANDU OKAZINGA, CHAKUDYA CHA KU KOREA

Owerenga athu ambiri akamva dzina lakuti mandu, maganizo awo athamangira ku mandasi. Koma ziwirizi sizili pachibale. Mandu ndi chakudya cha anthu a ku Korea, ndipo tikafuna kuchifanizira ndi chimene tichidziwa, tinganene kuti chiyandikana ndi samusa: kachikopa kopyapyala ka ufa wa tirigu kokuta nyama ndi masamba. Eni ake amawiritsa mandu m'madzi, kapena kuwaphika ndi nthunzi, kapenanso kuwakazinga. Okazingawo amatchedwa gun-mandu, ndipo ndi amene tifuna kukamba pano.

Olemba mbiri ambiri amati chakudyachi chinadza ndi anthu a ku Mongolia m'nthawi ya ufumu wa Goryeo, umene unalamulira Korea kuyambira chaka cha 918 kufikira 1392. Chinakondeka koposa kumpoto, m'mizinda monga Pyongyang ndi Kaesong, ndipo mabanja othawa nkhondo ya 1950 mpaka 1953 anapita nalo lusoli kumwera. Pa Seollal, chikondwerero chawo cha chaka chatsopano, mabanja ambiri amakhala pansi pamodzi, agogo ndi adzukulu omwe, kuumba mandu. Chifukwa chake nchodziwika: kuumba zikopa makumi atatu munthu ali yekha kuwawitsa msana.

Tiyambe ndi mtanda. Tengani makapu 2 a ufa wa tirigu ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere, nimuthire madzi ofunda pang'onopang'ono, oposa theka la kapu koma osadzaza kapu. Kandani kwa mphindi 10 kufikira mtanda usalale, ndipo muuvundikire ndi nsalu yonyowa kwa mphindi 30. Mtanda wosapumula umabwerera m'mbuyo poufutukula.

Tsono zam'kati, pamene pagona nkhani yonse. Aku Korea amasakaniza nyama ya nkhumba yogaya, kabichi, anyezi wamasamba, adyo, jinja, mafuta a chitowe ndi tofu, ndiye mkaka wa soya woundana ngati chambiko ndi kufinyidwa. Ena amaonjezapo mphukira za mphodza, ena kimchi, kabichi wawo wowawasa wa tsabola. Wosapeza tofu asataye mtima, achulukitse kabichi. Pa magalamu 250 a nyama, kabichi akhalenso magalamu 250.

Mdani wamkulu wa mandu ndi madzi. Kabichi ali ndi madzi ambiri, ndipo mukamuika chomwecho osamufinya, madziwo adzatulukira m'kati, chikopa chidzafewa ndi kung'ambika, ndipo zonse zidzakhuthukira m'chiwaya. Nchifukwa chake mumudule bwinobwino, mumuwaze mchere, adikire mphindi 15, kenaka mumuike m'nsalu yoyera ndi kufinya kufikira manja atope. Tofu ndi mphukira zowiritsa muzifinye chimodzimodzi. Ntchito imeneyi iyenera anyamata, amene mphamvu zawo nthawi zambiri zimathera pa mpira.

Gawani mtanda m'timibulu 30, ndipo kalikonse mukafutukule ndi botolo loyera kufikira kakule ngati pakamwa pa kapu ya tiyi, m'mphepete mopyapyala kuposa pakati. Ikani supuni imodzi yosadzaza ya zam'kati, nyowetsani m'mphepete ndi chala, pindani ngati mwezi woduka pakati, ndi kutsina kolimba osasiya mpweya. Ana amakonda kudzazitsa, naiwala kuti thumba lodzaza silimangika. Musawadzudzule pa maonekedwe; chofunika nchakuti pakamwa patsekeke.

Pokazinga mpofunika kuleza mtima. Samusa nyama yake imayamba yaphikidwa, koma ya mandu imalowa m'chikopa ili yaiwisi. Moto waukali udzafiiritsa kunja m'kati musanapse, ndipo nyama ya nkhumba yosapsa imapatsa njoka za m'mimba. Choncho moto ukhale wapakati. Thirani masupuni 2 aakulu a mafuta m'chiwaya, yalani mandu mosagundana, ndipo akafiira pansi, patapita mphindi ngati 3, thirani kota ya kapu ya madzi ndi kuvundikira msanga. Apa ana aime patali, pakuti madzi akagwa m'mafuta otentha amathetheka ndi kutentha nkhope. Nthunzi ipsereze m'kati kwa mphindi 5. Vundukulani, madzi aphwe, ndipo muwatembenuze kuti mbali inayo ifiirenso. Musanapakule, dulani amodzi pakati. Mukaona nyama yofiirira, bwezani chivundikiro.

Aku Korea kawirikawiri amadya mandu okazinga ndi chosunsira. Amasakaniza masupuni 2 a msuzi wakuda wa soya, supuni imodzi ya viniga ndi tsabola wosinja pang'ono. Mandu adyedwe akali otentha, pakuti akazizira chikopa chimasiya kukhukhuzika. Osakazinga amene atsala, ngati muli ndi firiji youmitsa, muwayale pa mbale yowaza ufa kufikira aume gwa, kenaka muwaike m'thumba. Tsiku lowafuna musawasungunule, koma mungoonjezera mphindi zovundikira.