Dziwani za Matenda a Mtima

Fumbatani dzanja lanu. Mtima wanu ndi waukulu ngati chibakera chimenecho. Ntchito yake ndi kupopa magazi, monga mjigo upopera madzi. Munthu wamkulu akakhala phee, mtima wake umagunda ka 60 mpaka ka 100 pa mphindi imodzi.

Mtima nawonso umafuna magazi kuti ugwire ntchito. Uli ndi timitsempha take timene timaudyetsa. Mafuta akamamatirira m'kati mwa timitsemphati, njira ya magazi imachepa, ngati ngalande yodzaza matope. Njirayo ikatsekekeratu, mbali ina ya mtima imayamba kufa.

Zizindikiro zake

Mvetserani thupi lanu. Mwina mukamakwera chitunda kapena kulima, pachifuwa pamalemera ngati akuikanipo thumba la chimanga, koma mukapuma pamaleka. Limeneli ndi chenjezo. Mwina mumachita befu msanga, mapazi amatupa, kapena mumabanika mukagona chagada. Pitani kuchipatala mukapimidwe.

Koma ululu ukabwera muli chikhalire, osaleka, n'kumafika kumkono, kukhosi kapena kunsagwada, thukuta lili kamukamu, musadikire kuti kuche. Pezani okutengani, pakuti kuyenda pansi kapena kupalasa njinga kumatopetsa mtima. Amayi, okalamba ndi odwala shuga nthawi zina samva ululu kwenikweni. Amangofooka, kuchita nseru, kapena kumva ngati chilungulira.

Kodi kuchipatala amapima bwanji?

Choyamba amayeza BP pamkono. Ikamafika 140/90 kapena kuposa masiku angapo, ndiye kuti yakwera. BP imatha kukwera munthu osamva kanthu, choncho yezetsani ngakhale muli bwino.

Kenaka pali ECG. Amamata timawaya pachifuwa, m'mikono ndi m'miyendo, ndipo makina amalemba papepala mmene mtima ukugundira. Musaope, simugwidwa ndi magetsi. Pali sikani ya mtima, yofanana ndi ija amaunikira amayi oyembekezera. Amathanso kutenga magazi kuti aone ngati mtima wavulala.

Kutsegula mtsempha wotsekeka

Adokotala akafuna kuona potsekeka penipeni, amachititsa dzanzi pamkono kapena pamphechepeche, n'kulowetsa kapaipi kakang'ono mumtsempha mpaka kumtima. Amathiramo mankhwala ooneka pa X-ray. Wodwala amakhala ali maso. Akapeza pothina, amafufumitsa kabaluni kuti njira ikule. Dokotala Andreas Grüntzig ndiye anayamba kuchita zimenezi pamtima wa munthu mu 1977, ku Zurich. Kawirikawiri amasiyamo kawaya kolukidwa, kotchedwa stent, kuti mtsempha usathinenso.

Mitsempha yambiri ikatsekeka, amachita opaleshoni. Amatenga mtsempha wa mwendo kapena wa m'chifuwa, n'kupanga njira yolambalala potsekekapo. Ntchito izi zimafuna akatswiri ndi makina odula, ndipo odwala ena a kuno kwathu amatumizidwa kunja, monga ku India.

Amene waikidwa stent asasiye mankhwala popanda mawu a dokotala. Akasiya, magazi amatha kuundana pamalo omwewo.

Zoti muchite kunyumba

Chepetsani mchere. Kasupuni ka tiyi kamodzi n'kokwanira munthu wamkulu tsiku lonse. Siyani fodya, wosuta ndi wofwenkha yemwe. Idyani ndiwo zamasamba, nyemba ndi usipa, osati zamafuta tsiku ndi tsiku. Ngati muli pa mankhwala a BP kapena a shuga, imwani tsiku lililonse. Popita kuchipatala tengani buku lanu lachipatala ndi mankhwala onse amene mukumwa. Funsani adokotala dzina la matenda anu, ndipo mulilembe nokha, poti tsopano mukutha kulemba.

Mafunso okambirana

1. Tchulani zizindikiro zitatu za matenda a mtima.
2. Kodi ECG imapweteka?
3. Mnansi wanu wadwala pachifuwa usiku. Kodi m'mudzi mwanu mungapeze kuti chomutengera kuchipatala?