Mwana wathu akaganiza zochotsa mimba, tilankhule naye bwanji?

Abale ndi alongo m'Chisilamu, ana athu aakazi ambiri ochokera ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota ali ku Blantyre. Ena ali pa sukulu, ena akugwira ntchito za m'nyumba ku Limbe, Bangwe ndi Ndirande. Tsiku lina mwana akhoza kutiimbira foni akulira, n'kunena kuti ali ndi mimba ndipo akuganiza zochotsa, kapena wachotsa kale. Mawu athu oyamba akhoza kumupulumutsa kapena kumutayitsa.

Tiyambe ndi chiphunzitso. Hadith ya Ibn Mas'ud (Allah asangalale naye) ya mu Bukhari ndi Muslim ikutiphunzitsa kuti mzimu umauziridwa mwa mwana pakatha masiku 120. Kuchokera pamenepo ma Ulama agwirizana kuti kuchotsa mimba ndi haraam, pokhapokha moyo wa mayi utakhala pachiswe. Masikuwa asanakwane ma Ulama amasiyana maganizo, koma onse salola kuchita mwachisawawa. Surah Al-Isra ikuletsanso kupha ana poopa umphawi. Malamulo a dziko lino nawonso amaletsa, ngakhale ndime 243 ya Penal Code imateteza dokotala amene akupulumutsa moyo wa mayi.

Komabe kafukufuku wa College of Medicine ndi Guttmacher Institute anayerekeza kuti mimba pafupifupi 141,000 zinachotsedwa m'Malawi muno mu 2015. Manyazi ndi mantha zimachititsa atsikana kuchotsa mobisa, ndi zitsamba kapena timitengo ta chinangwa, mpaka ena amafa.

Choncho tisayambe ndi kukalipa. Timvetsere kaye chimene akuopa. Ngati ndi sukulu, timuuze kuti kuyambira mu 1993 boma limalola mtsikana kubwerera m'kalasi akabereka. Ngati ndi kusowa thandizo, mwini mimbayo ndi abale ake asathawe udindo. Ngati anagwiriridwa, alibe tchimo; timuperekeze ku One Stop Centre ya pa chipatala cha Queen Elizabeth, komwe amathandiza ochitiridwa nkhanza zotere.

Ngati wachotsa kale ndipo akutaya magazi ambiri, akutentha thupi kapena m'mimba mukupweteka kwambiri, tithamangire naye kuchipatala nthawi yomweyo. Zipatala za boma zimathandiza mayi wotere. Mafunso adikire, moyo sudikira.

Akachira, timusungire chinsinsi, pakuti kubisa chilema cha Msilamu mnzathu ndi chiphunzitso cha Mtumiki (mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye). Timukumbutse kuti khomo la tawbah ndi lotsekula. Kuweruza tisiyire Allah, Iye ndiye Wodziwa bwino.