Kuukitsa Land Rover Yakale pa Khomo

Pa makomo ambiri m'dziko muno, kuseri kwa nyumba kapena pansi pa mtengo wa mango, pamakhala galimoto yakale yokhazikidwa pa miyala, nkhuku zikuikiramo mazira. Kawirikawiri imakhala Land Rover, pakuti m'masiku a misewu ya pfumbi ndiyo inkanyamula anthu a Boma, a mishoni ndi odwala opita ku cipatala. Mwini wace akamakamba za kuiukitsa, coyamba cimene amachula ndi penti, caciwiri injini. Ine ndikuti ziwiri zonsezi ziyambe zadikira. Nchito iyambire kunsi kwa galimoto kumene maso safika, ndipo ndifuna kulongosolera anzanga cifukwa cace.

Land Rover yoyamba inaonetsedwa ku Amsterdam pa 30 April 1948. Anaipanga ndi a kampani ya Rover ku Solihull m'dziko la England, ndipo mwini maganizowo anali Maurice Wilks. Nthawi imeneyo nkhondo yaikuru inali itangotha kumene, citsulo cinali cosowa, Boma likucita kugawira makampani. Tsono a Rover anapanga thupi la galimotoyo ndi aluminiyamu, citsulo nacisungira chassis, ndiwo mafupa a kunsi amene injini, magudumu ndi thupi lonse zimamangidwapo. Mapangidwe amenewa anapitirira m'mitundu yotsatira: Series II ya 1958, Series IIA ya 1961, ndi Series III imene inapangidwa kuyambira 1971 kufikira 1985.

Msampha wagona pomwepa. Aluminiyamu sacita dzimbiri lofiira monga citsulo. Amene samagona m'phunziro la sayansi akumbukira kuti mpweya ukamkhudza, iye amadzikuta ndi kacikopa koonda kamene kamaletsa kudyeka kuti kusapitirire. Cotero galimoto ya zaka 50 imaoneka yamoyo, zitseko zace ziri see, pamene kunsi kunatha kalekale. Chassis inapangidwa ngati mipope ya ngodya zinai, ya mphako m'kati. M'dzinja matope amalowera pa timabowo tace, nakhala momwemo ali cinyontho miyezi yambiri, ndipo dzimbiri limadya kucokera m'kati, monga ciswe cimadyera mzati kusiya khungwa lokha.

Poyesa chassis sipafunika cida ca mtengo wapatali ai. Mutakolopa matope onse, tengani nyundo yaing'ono ndi kugogoda kucokera kutsogolo kufikira kumbuyo. Citsulo camoyo cimalira kuti ngwe! Cakufa cimangoti phu, mwinanso nyundo n'kulowa. Malo amene amayamba kufa ndi awa: mtanda wa kumbuyo kwenikweni, timikono tonyamula thupi m'mbali, ndi pamene pamangidwa masipuling'i. Muonenso khoma lolekanitsa injini ndi dalaivala, makamaka poponda mapazi, popeza nalonso ndi lacitsulo. Pamene bauti wacitsulo wagwira aluminiyamu mudzapezapo ufa woyera ngati wa cinangwa. Zitsulo ziwiri zosiyana zikakhudzana pa cinyontho zimacita ngati batire laling'ono, ndipo wodyeka ndi aluminiyamuyo. N'cifukwa cace pomanganso amaziika malire ndi penti kapena kalabala.

Bowo laling'ono limakonzeka. Woocherera adule malo onse obvunda kufikira atapeza citsulo cowala, ndipo aikepo cina cofanana kukhuthala kwace. Kumata cigamba pamwamba pa dzimbiri, kumene ena amakonda cifukwa n'kwacangu, ndiko kudzinyenga: dzimbiri limapitiriza nchito yace kunsi kwa cigambaco. Mabowo akacuruka, njira ndiyo kugula chassis ina. Ku Britain akuzipangabe zatsopano, zoviika mu zinc kuti zisacite dzimbiri, koma mtengo wace pamodzi ndi wa ulendo ndi waukuru. Munthu ayenera kudziwa zimenezi asanatayire ndalama zace pa penti ndi mipando.

Tsono popeza nchitoyi ndi ya kunsi, pali mau amene sindifuna kuti wina awadumphe. Galimotoyi imalemera kuposa tani imodzi. Jeke ndi wokwezera basi, si wogonera pansi pace. Njerwa nazo zimaphwanyika mosacenjeza. Ikani zoimikira zacitsulo kapena zipika za mtengo wolimba, pa dothi losatitimira. Cina cimene ambiri sadziwa n'cakuti handibuleki ya Land Rover zimenezi siigwira magudumu. Imagwira mtanda wozungulira umene umacokera ku giyabokosi kupita ku difu ya kumbuyo. Mukakweza gudumu limodzi la kumbuyo, difu imalola gudumu la m'mwambalo kuzungulira, ndipo galimoto ikhoza kuyenda ngakhale handibuleki mwaikoka kolimba. Cotero chingani magudumu otsala ndi zipika, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Pa zambiri mwa izo thanki ya petulo iri pansi pa mpando wa dalaivala, ndiye iyambe yacotsedwa moto woocherera usanayatsidwe. Ndipo injini isalizidwe m'galaja lotseka: mu utsi wace muli mpweya wa carbon monoxide, wopanda pfungo, umene umagoneka munthu tulo tosadzuka.

Mafupa akalimba, otsatira ndi mabuleki. Mafuta a mabuleki amamwa cinyontho ca mu mpweya, ndipo pa zaka za kukhala cabe madziwo amadya timasilinda ta ku magudumu, timalabala tace n'kuuma. Pa Land Rover zambiri zakale magudumu onse anai amadalira njira imodzi ya mafuta. Paipi imodzi ikaphulika potsika phiri, phazi limangofika pansi popanda cogwira. Pano sipoyenera kuumira: malabala onse ndi mapaipi ofewa asinthidwe, ngakhale akuoneka abwino. Pfumbi la m'mabuleki akale musaliuzire ndi pakamwa, pakuti mwina muli asbestos amene amaononga mapapo. Lipukuteni ndi nsanza yonyowa.

Za injini sindicurutsa mau, cifukwa ndiyo yosabvuta kuposa zonse. Ya petulo imene inafala kuyambira 1958 ndi ya masilinda anai, ya 2,286 cc, ndipo makaniko aliyense wacikulire amaidziwa. Ikakhala kuti yagona zaka, musaithamangire ndi batire. Cotsani mapulagi, thirani oilo pang'ono m'silinda iriyonse, dikirani masiku angapo, ndipo muyese kuipukusa ndi handulo ya kutsogolo. Ikazungulira, tayani oilo wakale ndi petulo wakale, amene amasanduka ngati ulimbo m'kabuleta. Mpata wa matapeti ndi 0.010 ya inchi. Musanalumikize batire funsani caka ca galimoto: zambiri zopangidwa isanafike 1967 zimamanga mutu wa positive ku thupi la galimoto, mosiyana ndi za masiku ano. Masipanala akhale a mainchi, ndipo pa zakale kwambiri pafunika a mtundu wa Whitworth. Sipanala ya mamilimita imaoneka ngati yalowa, koma imangodya ngodya za nati, n'kukusiyirani nchito ya tsiku lathunthu.

Ciriconse comasula cijambulidwe ndi foni cisanacoke pa malo pace, ndipo mabauti ace aikidwe m'kacitini kolembedwa. Nchito yotere imatenga miyezi, mwina zaka, ndipo mutu sungasunge zonse.

Galimoto ikadzuka iziyenda, ngakhale kamodzi pa sabata, kuti oilo afike ponseponse ndi malabala asaume. Mvula ikatha, kunsi kutsukidwe ndi madzi ambiri, timabowo ta chassis titsegulidwe ndi kawaya. Oilo wokhuthala wa EP90 aziyang'anidwa m'giyabokosi, m'madifu onse awiri ndi m'zibulunga zokhotetsera magudumu a kutsogolo, popeza zimenezi zimadontha mosalekeza, ndipo eni ace anazolowera kuyala katoni pansi.

Penti ibwere pambuyo pa zonsezi, ndipo nayo iri ndi mwambo wace. Pa aluminiyamu wosalala siigwira bwino. Imasupuka ngati khungu la njoka. Poyamba amapakapo mankhwala ochedwa etch primer, amene ali ndi asidi pang'ono woluma aluminiyamuyo, ndipo akauma ndi pamene penti yeniyeni imapakidwa.