Kodi madzi a m'zovala amapita kuti makina akazungulira?

Ana inu, ndani mwa inu anafinyako bulangete lonyowa? Ntchito imeneyi imafuna anthu awiri, wina agwire uku, wina uko, n'kumapotokola mpaka manja kuwawa. Ngakhale mutero, mukaliyanika pachingwe limadonthabe kwa nthawi yaitali.

Kuno ku Namwera vuto la zovala zosauma timalidziwa kuposa anzathu a ku Mangochi boma. Iwo ali kumunsi, m'mbali mwa Shire, kumene kumatentha moti chitenje chochapa m'mawa chimauma nsima ya masana isanapse. Ife tili pamtunda. Wochokera ku boma amawoloka mlatho wa Bakili Muluzi n'kukwera mapiri pa msewu wokhotakhota uja wopita ku Chiponde, ndipo akamafika kuno amamva yekha kuti mphepo yasintha. Mu Juni ndi Julayi kumazizira, ndipo kukachita mvumbi mu Januwale kapena Febuluwale, yunifolomu yochapa Lamlungu ikhoza kufika Lolemba m'mawa kolala idakali yonyowa.

M'nyumba zina momwe muli magetsi a ESCOM, makamaka kumene bambo kapena amalume anabwera ndi katundu kuchokera ku Joni, mumapezeka makina ochapira a zipinda ziwiri, aja amati twin tub. Chipinda chachikulu n'chochapira. Chinacho, chopapatiza koma chakuya, n'chofinyira, ndipo ndicho nkhani yathu lero. Dzina lake lolembedwa pamakinapo ndi spin dryer, ndipo m'masitolo a kunja amachigulitsanso pachokha, popanda mbali yochapira. Mukasuzumiramo makina ali chozima, muona mgolo wokhala ndi timabowo m'mbali mwake. Pansi pa mgolowo pali mota. Basi. Mulibe moto, mulibe mbaula, mulibenso dzanja lililonse lopotokola nsalu. Komatu mukaikamo thawulo lodontha, n'kutseka, n'kupotoza kabatani ka nthawi, pakatha mphindi zitatu kapena zisanu thawulo lija limatuluka lopepuka, losadonthanso, madzi ake atatsikira kunja kudzera pa paipi. Wawatulutsa ndani?

Yankho lake munaliona kale pa njinga. Wakabaza akamapalasa mothamanga m'matope a dzinja, njinga yake ilibe madigadi, wokwera kumbuyo amakafika malaya ali ndi mzere wa matope kumsana. Matope aja amayamba amatirira ku tayala n'kumazungulira nalo. Koma liwiro likakula amalephera kugwira, amasiyana ndi tayala n'kuuluka. Tsiku lina mudzayang'anitsitse mmene amaulukira. Sapitiriza kuzungulira m'malere ayi. Amanyamuka molunjika, kulowera komwe ankalowera panthawi imene anasiyana ndi tayala.

Munthu amene analongosola bwino zimenezi ndi Isaac Newton wa ku England, m'buku lake lotchedwa Principia limene linatuluka mu 1687. Iye anaonetsa kuti chinthu chimene chikuyenda chimapitirira kuyenda molunjika, pa liwiro lomwelo, pokhapokha china chake chichikankhe kapena kuchikoka. Choncho kuti chinthu chikhote, pamafunika mphamvu yochikhotetsa. Ndipo kuzungulira n'kukhota kosalekeza, kukhota, kukhota, kukhotabe, osapuma.

Tsopano tiyeni tione zimene zikuchitika m'kati mwa mgolo. Mota yayamba, mgolo ukuzungulira, malaya akuzungulira nawo. Malayawo, potsata lamulo lija, akufuna kupita molunjika, koma khoma la mgolo lawatchinga ndipo likuwakankhira m'kati kuti akhote. Sangathe kudutsa pa kabowo, ndi aakulu. N'chifukwa chake mukatsegula pomaliza mumapeza zovala zitakanirira kukhoma, pakati pali mphako. Madzi nawonso akufuna kupita molunjika. Kodi akuwagwira ndani kuti akhote? Palibe china koma kumatirira kwawo ku ulusi wa nsalu. Mgolo ukamayenda pang'onopang'ono, kumatirirako kumakwanira, ndipo madzi amazungulira limodzi ndi malaya. Koma liwiro likakwera, ulusi umalephera kuwagwira. Dontho limatsetsereka kuchoka pa ulusi wina kupita pa wina mpaka kukafika kukhoma, limapeza kabowo, n'kutuluka. Kunja kwa mgolo kuli khoma lina limene silizungulira. Madontho amamenya pamenepo, n'kuyenderera pansi mpaka ku paipi.

Ine chimene chimandisangalatsa pa makina amenewa n'chakuti sakoka madzi, sawayamwa, sawawotcha. Ntchito yawo yonse n'kukhotetsa zovala mofulumira kwambiri moti madzi amalephera kukhota nazo. Amene anawapanga anangoboola timabowo kuti madziwo apitirize ulendo wawo.

Nanga liwiro lake ndi lotani? M'makina ambiri a zipinda ziwiri, mgolo wofinyira umazungulira maulendo pafupifupi 1,300 kapena 1,400 pa mphindi imodzi. Gawani ndi 60 muone: ndi maulendo oposa 20 pa sekondi imodzi yokha. Inu mukangoti "chimodzi", mgolo wazungulira kale ka 20. Makina ena ofinyira okhaokha aja amafika maulendo 2,800 pa mphindi. Mgolo wa masentimita 25 m'mimba mwake ukamazungulira ka 1,300 pa mphindi, khoma lake limakhala likuthamanga makilomita pafupifupi 60 pa ola, ngakhale makinawo ali pamalo amodzi. Pa liwiro limenelo, kuti ulusi ugwire dontho limodzi la madzi umafunika mphamvu yoposa ka 200 kuyerekeza ndi imene umafuna malaya akangolendewera pachingwe. Ulusi ulibe mphamvu yotero, ndiye umataya.

Komabe musaganize kuti zovala zimatuluka zouma zoti n'kuvala. Madzi a m'nsalu ali mitundu iwiri. Ena amakhala m'mipata ya pakati pa ulusi ndi ulusi, ndipo amenewa ndiwo amathawa msanga. Ena amalowa m'kati mwenimweni mwa ulusi, makamaka wa thonje, umene umamwa madzi n'kufufuma. Amenewa makina sangawachotse onse, ngakhale muwazunguze tsiku lathunthu. Thawulo la thonje lolemera kilogalamu imodzi lili louma limatha kutuluka lidakasunga madzi okwana pafupifupi theka la kilogalamu. Koma jezi ya mpira, yopangidwa ndi ulusi wa poliyesitala umene sumwa madzi kwenikweni, imatuluka itatsala pang'ono kuuma. Madzi otsalawo amachoka mwa njira ina: amasanduka nthunzi yosaoneka n'kutengedwa ndi mphepo. Imeneyo ndi ntchito ya dzuwa ndi chingwe. Makina amangowachepetsera ntchito, kuti mkanjo woyera wochapa Lachinayi madzulo ukhale utauma nthawi yopita ku mzikiti Lachisanu.

Poyanika pali nkhani ina imene sindingaidumphe. Pali ntchentche ina imene imaikira mazira pa dothi ndi pa zovala zachinyezi, makamaka zoyanika pansi kapena pamthunzi. Munthu akavala chovalacho, timphutsi timalowa pakhungu n'kutupitsa ngati chithupsa. Kuzunguza m'makina sikuteteza ku zimenezi, chifukwa ntchentcheyo imabwera zovala zili kale panja. Choteteza n'kuyanika pachingwe, padzuwa, kenako n'kusita ndi simbi yotentha, zovala za mwana wakhanda ndi zam'kati zomwe.

Mwina munamvapo makinawa akuchita phokoso, gu gu gu, akugwedezeka ngati akufuna kuyenda. Sanawonongeke ayi, koma zovala zaunjikana mbali imodzi. Kumbukirani kuti pa liwiro lija chilichonse chimakankha khoma mwamphamvu yoposa kulemera kwake ka 200. Jinzi imodzi yonyowa ikakhala mbali imodzi yokha, imakokera mgolo wonse kumbali yakeyo, ndipo popeza mbaliyo ikuzungulira, mgolo umakokedwa uku ndi uku maulendo 20 pa sekondi. Choncho amayi kapena achemwali akamalonga, amayamba ndi zolemera pansi, amaziyala mozungulira mofanana, n'kuzitsindira ndi dzanja. Pamwamba amaikapo kachivundikiro kapulasitiki kofewa kaja, kuti sokosi kapena mpango usadumphe n'kukodwa pakati pa mgolo ndi khoma lakunja. Makina akayamba kugunda, amawazimitsa, amadikira kuti aime, n'kuyalanso zovala.

Mawu akuti kudikira ndikufuna muwagwire ndi manja awiri. Musadzapisemo dzanja mgolo usanaimiretu, ngakhale ukuoneka ngati ukuyenda pang'ono. Nsalu ikhoza kukulunga chala kapena mkono n'kuupotokola musanakuwe n'komwe. Makina ambiri ali ndi buleki imene imagwira chivundikiro chikatsegulidwa, koma buleki imatha, makamaka pa makina akale. Ngati mgolo ukupitirira kuzungulira chivundikiro chili chotsegula, auzeni akuluakulu kuti makinawo apite kwa okonza. Musagwire pulagi kapena soketi ndi manja onyowa, kapena mutaponda pamadzi. Ndipo mng'ono wanu wamng'ono asasewerere pafupi. Ntchito ya makinawa ndi ya akuluakulu, inu muzithandiza iwo ali pomwepo.

Pa mayunitsi a magetsi, chipinda chofinyira si chowononga. Mota yake ndi yaing'ono ndipo imangogwira ntchito mphindi zochepa. Zimene zimadya magetsi kwambiri ndi zotenthetsa, monga simbi, ketulo ndi mbaula yophikira. Kuli makina ena oumitsa zovala ndi mpweya wotentha, koma amenewo amadya magetsi ochuluka zedi, chifukwa kusandutsa madzi kukhala nthunzi kumafuna mphamvu yambiri kuposa kungowataya akadali madzi.

Nzeru yozunguzayi sili pa zovala pokha. M'zipatala zikuluzikulu, a mu labu amaika timabotolo ta magazi m'makina ozungulira mofulumira, ndipo mbali yolemera yofiira imakhazikika pansi, madzi achikasu n'kukhala pamwamba, kuti ayeze chilichonse pachokha. Alimi ena a njuchi ali ndi mgolo wozunguza zisa kuti uchi utuluke zisazo osaphwanyika, makina amene Franz Hruschka anawaonetsa koyamba mu 1865. Koma galu anayamba kale. Akanyowa amadzikutumula, khungu lake likupita uku ndi uku, madontho n'kumauluka. Akatswiri a pa sukulu ya ukachenjede ya Georgia Tech ku America anajambula zimenezi ndi makamera, ndipo mu 2012 anafotokoza kuti galu wamkulu amataya pafupifupi magawo 70 pa 100 a madzi a mu ubweya wake m'masekondi anayi okha. Galu wotero amadzigwedeza kanayi kapena kasanu pa sekondi, pomwe mbewa imafika pafupifupi ka 30. Kanyama kakang'ono kamafunika kugwedezeka mofulumira kwambiri chifukwa thupi lake ndi lalifupi kuchokera pakati kufika kukhungu, ndipo chimodzimodzinso mgolo wopapatiza umafuna maulendo ochuluka kuposa wotakata.

Nyumba zambiri kuno zilibe makina otere, koma aliyense angathe kuyesa yekha n'kuona. Pezani masokosi awiri ofanana, kathumba ka maukonde kaja amagulitsiramo anyezi kapena malalanje, ndi chingwe cholimba chotalika ngati mkono wanu. Viikani masokosi onse m'beseni, musawafinye. Imodzi iyanikeni pachingwe momwemo. Inayo iikeni m'kathumba, mangani pakamwa zolimba, ndipo pitani pabwalo pouma, kutali ndi anthu, mawindo ndi mawaya a magetsi. Yambani kuzunguza pamwamba pa mutu wanu pang'onopang'ono, muone ngati madontho akutuluka ambiri. Kenako onjezani liwiro. Mudzamva chingwe chikukoka dzanja lanu mwamphamvu, ndipo mphamvu imene mukugwirira chingwecho ndi yomwe ija khoma la mgolo limakankhira zovala. Mukawerenga mpaka 50, imani muyang'ane pansi pamene madontho agwera, kutali bwanji ndi pamene mwaima. Yanikani sokosi yachiwiriyo pafupi ndi inzake, ndipo muzikazikhudza pakapita ola lililonse. Tsiku lina mudzabwerezenso ndi kansalu ka thonje ndi kansalu ka jezi yakale, mulembe m'kope kuti ndi kati kanayamba kuuma.