FODYA NDI PAKATI: TIWATHANDIZE AMAI KULEKA

Tikanena za fodya, ambiri amaganiza za abambo okoka ndudu ku bala kapena pa siteshoni. Koma m'makomboni a Kabwe monga Makululu, Bwacha, Ngungu ndi Kasanda muli fodya wina wosaoneka utsi. Uyu ndi nsunko, fodya wopera amene azimai amanunkhiza m'mphuno kapena kuika kunsi kwa mlomo, ndipo ena amaika kumalo obisika. Atsikana ena ayambanso kukoka shisha poganiza kuti madzi amacotsa poizoni, pamene sacotsa. Mai akakhala ndi pakati, fodya wa mtundu uliwonse amafika kwa mwana.

Zimene fodya amacita kwa mwana

Mwana ali m'mimba sapuma ndi mapapo ake. Mpweya ndi cakudya amalandira kucokera m'magazi a mai, kupyolera mu nsengwa ndi mcombo. Nikotini wa mu fodya amafinya mitsempha, motero magazi ofika kwa mwana amacepa. Utsi nawonso uli ndi carbon monoxide, mpweya womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka. Mpweya umenewu umamatirira m'magazi mwamphamvu kuposa mpweya wabwino nthawi zoposa 200.

Cifukwa ca ici, ana a amai osuta amabadwa opepuka ndi magalamu pafupifupi 200 poyerekeza ndi anzao. Ena amati mwana wamng'ono savuta pobereka. Limeneli ndi bodza loopsa. Mwana wobadwa wosakwana makilogalamu 2.5 amazizidwa msanga, amavutika kuyamwa ndipo matenda amamugwira mosavuta. Fodya amaonjezeranso ngozi ya kupita padera, kubereka masiku asanakwane, nsengwa kucoka pamalo pake mwana asanabadwe, kubereka mwana wakufa, ndi imfa yadzidzidzi ya khanda lili m'tulo.

Wa nsunko asanene kuti iye alibe mlandu popeza palibe utsi. Phulusa kapena soda amene amasakaniza ku fodyayo amacititsa kuti nikotini wambiri alowe m'magazi. Kafukufuku wa ku India ndi ku Sweden anaonetsa kuti amai oika fodya m'kamwa nawonso amabereka masiku asanakwane kapena kutaya mwana kawirikawiri kuposa osagwiritsa nchito fodya. Nsunko sacepetsa BP monga ena amanenera, nikotini amaikweza.

Vuto lathu la mtovu

Ife a ku Kabwe tili ndi cifukwa cina. Mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma fumbi lake likali m'dothi la Kasanda, Chowa, Makululu ndi madera ena oyandikira. Mtovu umabisala m'mafupa kwa zaka zambiri, ndipo pa nthawi ya pakati umatuluka ndi kupita kwa mwana, kumene umaononga bongo umene ukukula. Mu fodya mulinso mtovu. Mai wosuta, makamaka amenenso amadya dothi, akuthira mcere pa cilonda.

Kudzudzula sikuthandiza

Palibe mai amene amafuna kupweteka mwana wake. Nikotini amamanga munthu ngati cingwe, ndipo ambiri anaphunzira nsunko kwa ambuye ao kapena kwa anzao pa msika, ati kuti aletse mseru, dzino kapena nkhawa. Mai akakalipiridwa ku sikelo amangobisa kabotolo kake, mwinanso osabweranso.

Ku Australia anaphunzira zimenezi. M'zaka za m'ma 2010, amai oposa 4 mwa 10 alionse a mtundu wa Aboriginal anali kusuta ali ndi pakati, ngakhale macenjezo anali ponseponse. Pansi pa nchito ya boma yochedwa Tackling Indigenous Smoking, imene inayamba mu 2010, uthenga unayamba kuperekedwa ndi anthu a mtundu womwewo, ndipo unalunjika banja lonse, osati mai yekha. Kuno tili nao anthu otere: anamwino, azamba, a SMAG, alangizi ndi azimai a mipingo. Afunse mai aliyense mwaulemu, pambali, ndipo achule nsunko ndi dzina, pakuti ambiri sauwerengera ngati fodya.

Mmene mungalekere

Amai, nthawi yabwino yoleka ndi lero. Woleka pakati pasanakwane milungu 15 amacepetsa ngozi ya mwana wopepuka kapena wobadwa msanga kufika pafupi ndi ya mai wosasuta. Koma ngakhale pa mwezi wa 8 phindu lilipo, cifukwa carbon monoxide amacoka m'magazi pa tsiku limodzi kapena awiri.

1. Yambani sikelo miyezi 3 isanathe, ndipo uzani namwino zoona za fodya amene mumagwiritsa nchito.

2. Sankhani tsiku m'mlungu uno. Tayani ndudu ndi kabotolo, musasunge ka mawa. Kungocepetsa sikukwanira.

3. Cilakolako cikabwera, dziwani kuti cimatha pa mphindi zocepa. Imwani madzi, pumani mozama, tafunani nshawa kapena cimanga cokazinga, kapena pitani mukaceze ndi mnzanu wosasuta.

4. Masiku oyamba mudzamva mutu, ukali ndi kusowa tulo. Zimenezi sizipweteka mwana, ndipo zimacepa pa milungu 2 mpaka 4.

5. Musagule mankhwala olekera fodya pa inu nokha. Ena saloledwa kwa mai wapakati. Funsani ku cipatala.

6. Mukaterereka, musataye mtima. Ambiri amaleka atayesa kangapo. Yambaninso tsiku lomwelo.

Mukaona magazi, mimba ikauma ndi kupweteka kwambiri, madzi akatuluka nthawi isanakwane, kapena mwana akaleka kusewera, thamangirani ku kiliniki nthawi yomweyo, usiku kapena usana.

Mbali ya abambo

Dziko la Zambia linalowa m'pangano la WHO loletsa kufala kwa fodya mu 2008, ndipo caka comweco boma linaletsa kusuta pamalo a anthu ambiri. Koma lamulo sililowa m'cipinda cogona. Bambo wosutira m'nyumba amasutitsa mkazi ndi mwana wosabadwa, ndipo kutsegula windo sikucotsa ngozi. Abambo, sutirani kunja, ndipo koposa apo lekani pamodzi ndi akazi anu. Ndalama ya ndudu igule mazira, kapenta ndi ndiwo zamasamba. Apongozi ndi ambuye, musapatse mai wapakati nsunko ngati mankhwala.

Mwana akabadwa, musabwerere ku fodya, pakuti nikotini amalowa mu mkaka wa m'mawere ndipo utsi umabweretsa cifuwa ndi cibayo kwa khanda. Ngati simunathe kuleka, pitirizanibe kuyamwitsa, ndipo bwerani ku kiliniki tidzathandizane.